Sabata ya ku Blantyre Sukulu Zisanatsegulidwe

Loweruka, 31 Ogasiti 2024, kuchoka ku Dedza

Tinanyamuka m'mawa kuli kachisanu kaja ka ku Dedza kamene kamachedwa kutha ngakhale mwezi wa Ogasiti uli kumapeto. Paulendowu pali ine, mayi a ana, chisamba chathu chachikazi, mlongo wake amene akulowa sitandade 6, ndi mzime amene ayambe sitandade 1 chaka chino. Mtsikanayu wakhoza mayeso omaliza sukulu ya pulayimale a PSLCE ndipo wasankhidwa kukayamba Fomu 1 pasukulu yogonera komweko, motero tili ndi mndandanda wautali wa zinthu zoti tigule. Zambiri mwa izo zikanapezeka pa Dedza pomwepo kapena ku Lilongwe, komwe ndi kufupi, koma achemwali anga a ku Chilomoni akhala akudandaula kuti ana anga amangowamvera pa foni, ndiponso ine ndinali ndi maganizo anga. Mwana amene sanagonepo kutali ndi amayi ake, sanakwerepo minibasi yekha, ndipo sanasungepo ndalama yoposa ya mandasi, sindinafune kuti zonsezi adzaziphunzire tsiku limodzi pachipata cha sukulu.

Basi yochokera ku Lilongwe inatipeza titadikira nthawi yaitali m'mbali mwa msewu wa M1. Kondakitala anatchula K18,000 munthu wamkulu, ndipo titakambirana anavomera kuti mzime akhale pamiyendo, mnyamata alipire theka, koma za mtsikana anakanitsitsa, akuti ameneyu ndi wamkulu kale.

Kuchokera ku Dedza mpaka kupitirira pa Lizulu, msewu ndiwo malire a dziko lathu ndi Mozambique, kotero kuti munthu wolowera kummwera akayang'ana kudzanja lamanja amakhala akuona dziko la eni. Ndinaonetsa ana mabwinja a masitolo amene anasiyidwa nthawi ya nkhondo ya kumeneko, imene inatha mu 1992, ndipo ndinawafotokozera kuti ndili msinkhu wawo tinkakhala m'kalasi limodzi ndi ana othawa nkhondoyo. Pa Lizulu, pomwe ndi likulu la Inkosi Gomani, basi isanaime n'komwe mawindo onse anali atadzaza ndi mabeseni a mbatatesi, kabichi, karoti, anyezi ndi nsawawa. Popeza munthu safika pakhomo pa eni chimanjamanja, ndinapatsa mtsikana ndalama kuti agulire azakhali ake mbatatesi ndi kabichi. Iye anatulutsa dzanja lili ndi ndalama yonse asanafunse ngakhale mtengo, ndipo mayi wina wachikulire amene anakhala kutsogolo kwathu anamugwira mkono, nati: "Mwanawe, pamsewu umayamba walandira katundu, kenako upereke ndalama, ndipo chenje uchiwerenge basi isanasunthe." Mayiwo anatsikira pa Ntcheu, ndipo potsika anasiyira mzime nthochi.

Titadutsa pa Chingeni, pamene galimoto zinayamba kulipira msonkho wa msewu mu 2021, nyengo inasinthiratu. Majuzi onse anavulidwa, milambe inayamba kuoneka, ndipo anyamata anali kuimika mipani ya mbewa m'mwamba galimoto iliyonse ikamadutsa. Cha ku Phalula matumba a makala anandanda m'mbali mwa msewu pamalo amene mitengo yake ndi yowerengeka. Pa Zalewa, pamene pamapatukira msewu wa ku Mwanza ndi Tete, apolisi anatitsitsa tonse kuti aone katundu, ndipo tinaima padzuwa loswa mtengo mpaka mzime anayamba kulira ludzu. Kulirako kunatha titafika pamlatho wa Shire, chifukwa mwanayu anali asanaonepo madzi ochuluka chotero, ndipo anafunsa ngati imeneyi ndi nyanja ija amaimva. Kuyambira pa Lunzu galimoto zinachuluka, tinayenda pang'onopang'ono kudutsa pa Kameza, ndipo tinafika padepoti ya mabasi ya Wenela, mu Blantyre, dzuwa litapendeka kwambiri. Alamu anga anali akutidikira. Msana wanga usiku uno ukudziwa kuti makilomita oposa 200 ndawayenda nditanyamula mwana pamiyendo.

Lamulungu, 1 Sepitembala

Achemwali anakwatiwa kubanja la Chikatolika, choncho iwo anapita ku Misa pa Chilomoni pomwepa, pamene ife a CCAP tinakwera minibasi kukapemphera ku St Michael and All Angels, pa HHI. Kwathu tili pansi pa Sinodi ya Nkhoma ndipo kuno ndi Sinodi ya Blantyre, koma nyimbo zambiri ana anazitsatira popanda vuto. Titaweruka tinazungulira tchalitchi chakale chija, chimene chinamangidwa kuyambira 1888 mpaka 1891 motsogozedwa ndi m'busa David Clement Scott, munthu amene sanaphunzire za mapulani a nyumba, pogwiritsa ntchito njerwa zoumbidwa ndi kuotchedwa pamalo pomwepo ndi anthu a kuno. Mnyamata wanga, amene kumudzi amakonda kuthandiza oumba njerwa, anaona yekha kuti njerwazo si za chikombole chimodzi, pali zozungulira, zosongoka ndi zokhota, ndipo anafuna kudziwa kuti zikombole zake anazisema ndani. Mzinda wonsewu unayambira pamalo amenewa mu 1876, pamene amishoni a ku Scotland anakhazikapo ntchito yawo.

Masana achemwali anatiphera nkhuku yachikuda. Ana anga ndi asuweni awo anayamba n'kuyang'anana mwamanyazi, awa akuseka kalankhulidwe ka ku Dedza, awo akudabwa kuti anzawo amaitana bambo awo kuti "adadi", koma pofika madzulo anali atagawana kale matimu a mpira wachikulunga pamsewu wa kuseri kwa nyumba.

Lolemba, 2 Sepitembala, ku Limbe

Lero ndilo linali tsiku la ntchito imene tinabwerera. Usiku ndinapatsa mtsikana kope laling'ono ndi cholembera, ndipo ndinamuuza kuti mndandanda wa kusukulu ausunga ndi iye, mitengo afunsa ndi iye, ndipo chilichonse chogulidwa achilemba ndi iye, ife makolo tikhala ongonyamula ndalama. Mndandandawo ndi wotere: nsalu ya yunifolomu, nsapato zakuda zopanda chidendene, masokosi oyera, juzi, matiresi, bulangeti, neti ya udzudzu, ndowa, mbale, kapu ndi supuni, makope a chikuto cholimba, zipangizo za masamu, rimu ya mapepala, tochi, loko, tsache, khasu ndi chikwakwa.

Kuchoka ku Chilomoni munthu amakwera kawiri, koyamba mpaka m'tauni, kenako ya ku Limbe yodzera Highway. Minibasi siinyamuka isanadzaze, ndipo kudzaza kwake ndi anayi pampando wa anthu atatu. Wina akadandaula, kondakitala amamukumbutsa kuti petulo ali pa K2,530 lita imodzi. Tinadutsa pa Ginnery Corner, pachipatala cha Gulupu, pa Poly pamene tsopano pakutchedwa MUBAS, pa Chichiri ndi pa Maselema, ndipo ndinkauza mtsikana kuti aziloweza masitejiwo motsatana, chifukwa munthu wodziwa dzina la pamene ali sasochera kwenikweni.

Limbe anakula chifukwa cha njanji, ndipo anali tauni payekha mpaka pamene anaphatikizidwa ndi Blantyre mu 1956. Mpaka lero ndi kumene anthu ogula zambiri amathamangira, ndipo sabata ino makolo onse a m'chigawo cha kummwera akuoneka kuti ali komweko, aliyense atagwira pepala lofanana ndi lathu. Mitengo imene anansi athu anatiuza, ya chaka chatha, sinatithandize chilichonse, chifukwa kuyambira pamene kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 palibe chinthu chimene chili pamene chinali. Rimu ya mapepala yokha tinapereka K13,500.

Nsapato ndizo zinatitengera nthawi. Zatsopano za m'masitolo zinali zonyezimira koma zopepuka mokayikitsa, choncho mayi a ana anatitsogolera kukaunjika. Kumeneko anaphunzitsa mwana wawo kupinda nsapato kuti aone ngati pansi pake pali ming'alu, kusuzumira m'kati, ndi kupala pang'ono ndi chikhadabo pamene polishi wachuluka kwambiri, popeza ndi pamene ogulitsa amabisa chilema. Mnyamata wogulitsa anayambira K25,000. Mtsikana anayankha ndi mawu apansipansi, maso ali pansi monga tinamulerera, ndipo wogulitsayo anaoneratu kuti apa wapeza ndalama. Amayi ake anamunong'oneza kuti abweze nsapato ndipo tizipita. Tisanafike patali tinamva, "Amayi, tabwerani tikambirane, mwanayu ndi mlongo wanga," ndipo zinathera pa K14,000. Ulemu umene timaphunzitsa ana kumudzi ndi wabwino, koma ndaona lero kuti uyenera kuyendera limodzi ndi kudziwa kunena kuti ayi mokweza mawu.

Pa matiresi mtsikana anandidabwitsa. Titafunsa m'masitolo angapo, anatsegula kope lake n'kuwerengera kuti mtengo wa kuno ukutsika ndi K6,000 yokha poyerekeza ndi umene tinafunsa ku Dedza, pamene kuinyamula pa minibasi ziwiri kenako pa basi kudya ndalama yoposa pamenepo. Matiresi, khasu ndi chikwakwa tinazisiya kuti tikagule kwathu.

M'kati mwa msika, pamene anthu anathithikana kwambiri, mayi wina wogulitsa zitenje anaitana mwana wanga ngati akumudziwa, namukokera pabenchi pake. Anamuuza motsitsa mawu kuti zipi ya chikwama chake ndi yotseguka ndipo pali anyamata awiri amene akhala akutitsatira kuchokera kunsapato. Palibe chimene chinatayika, koma mtima wanga unagunda kwambiri, chifukwa ndalama ya fizi inali m'thumba langa lam'kati. Mayiwo anamuonetsa kanyamulidwe ka chikwama cha kutsogolo, anapatsa mzime madzi akumwa, ndipo atamva kuti mtsikanayu wasankhidwa, anamuchotsera K500 pachitenje chimene tinagula. Tinadya tchipisi cha pachiwaya chothira kabichi ndi tsabola wa kambuzi titaimirira, K1,500 mbale imodzi, ndipo pobwerera tinasiya nsalu ya yunifolomu kwa telala wa pakhonde pafupi ndi msika wa Blantyre, amene analonjeza Lachisanu.

Lachiwiri, 3 Sepitembala

Tadzuka mipopi ili youma, ndipo achemwali akuti m'miyezi yotentha zimenezi si zachilendo kumadera okwera. Madzi ambiri a mzinda uno amachokera mumtsinje wa Shire pa Walker's Ferry, ndipo amachita kuwapopa mtunda wautali chokwera phiri, kotero kuti magetsi akavuta, madzi nawonso amavuta. Ana onse anatumidwa ndi zigubu kumjigo wa kutsidya kwa khwawa. Apa ana a ku Dedza anapezerapo ulemu, chifukwa mtsikana wanga anasenza ndowa yodzaza osagwirira, pamene asuweni ake ankapuma paliponse ndi zigubu zazing'ono.

Sitinapite kulikonse. Miyendo yanga inali isanaiwale za ku Limbe, ndipo thumba nalo linafunika kupuma. Mayi a ana ndi alamu awo anakhala pamkeka n'kumasokerera zilembo za dzina la mwana pabulangeti, pachitenje ndi pamasokosi, popeza m'chipinda chogona atsikana ambiri chinthu chopanda chizindikiro chimakhala cha aliyense.

Lachitatu, 4 Sepitembala, ku Chichiri

Ndinafunsa alamu anga kuti mabanja a m'tauni amapita kuti ndi ana patchuthi, ndipo anandiyankha kuti amene ali nazo amapita kumalo odyera kumene kuli zibaluni zodumphapo ndi madamu osambira, ena amakangoyenda m'masitolo akuluakulu, ndipo ambiri sapita kulikonse. Nditatchula za nyumba yosungiramo zinthu zakale ya pa Chichiri, anavomera kuti ana awo, obadwira mumzinda momwemuno, sanalowemo. Tinawatenga onse.

Nyumbayi inatsegulidwa mu 1966 ndipo ndalama yolowera ndi yochepa poyerekeza ndi zosangalatsa zina za m'tauni. Panja pali mutu wa sitima yakale yoyendera nthunzi, galimoto yozimitsira moto ndi basi ya makedzana, ndipo ana aamuna sanafune kuchokapo. Mzime anazungulira sitimayo akufunafuna pamene amathira petulo, mpaka bambo wina wogwira ntchito pamalopo anamufotokozera moleza mtima za moto, madzi ndi nthunzi, ndi kuti njanji inafika mu Blantyre mu 1908. Bamboyo anatilondolera m'kati ngakhale sitinamupemphe. Anationetsa nsalu za chiwondo zimene makolo ankasula kuchokera ku makungwa a mitengo, zida zachitsulo zosulidwa kuno azungu asanabwere, ndi zinthu za nthawi ya malonda a akapolo. Mtsikana anaima nthawi yaitali pa ndalama zakale, mapaundi ndi masheleni amene anagwira ntchito kwacha isanabwere mu 1971, ndipo bamboyo anamufunsa kuti atchule anthu amene ali pa ndalama za lero. Anatchula John Chilembwe, Kamuzu Banda ndi Rose Chibambo pa K200, koma wa pa K50 anamusowa, ndipo anachita manyazi atamva kuti ndi Inkosi Gomani II, wa pa Lizulu pomwe tinagula kabichi paja.

Chimene chinandikhudza ndi chakuti m'nyumba yonseyo tinalimo ife ndi banja lina limodzi lokha, m'sabata imene ana onse ali patchuthi. Zinthu zina zafumbira ndipo zolemba zake zafufutika, izi ndi zoona, komabe mwana amene akukayamba phunziro la mbiri yakale ku sekondale amapindula kwambiri akaona ndi maso zimene adzaziwerenge m'buku.

Titatuluka tinayenda pansi kukaona bwalo la Kamuzu, kumene mbendera ya Britain inatsitsidwa ndipo yathu inakwezedwa usiku wolowera pa 6 Julaye 1964. Za mbenderazo ana sanazilabadire. Mnyamata wanga ndi wa Bullets, msuweni wake ndi wa Wanderers, ndipo mkangano wa Maule ndi Manoma unayambira pachipata cha bwalolo mpaka kukafika kunyumba. Tinamalizira kumasitolo akuluakulu a pa Chichiri, kumene ndinagulira aliyense ayisikilimu. Mzime anakankha ngolo yogulira zinthu m'sitolo monse muli mkate umodzi wokha, ndipo potuluka anaumirira kuti lisiti apereke yekha kwa mlonda wa pakhomo. Ndalama ya ayisikilimuyo inali yokwanira makope angapo, ndipo mtsikana anailemba m'kope lake osanena kanthu.

Lachinayi, 5 Sepitembala, phiri la Michiru

Kumtunda kwa Chilomoni kuli Njira ya Mtanda imene imakwera phiri la Michiru mpaka pamtanda waukulu umene umaonekera kutali. Anaikonza potengera ya ku Medjugorje, m'dziko la Bosnia, ndipo ngakhale ndi ya Akatolika, aliyense amakwera popanda kulipira. Achemwali anati tinyamuke dzuwa lisanatuluke, ndipo ananena zoona, chifukwa pofika 8 koloko miyala inali itayamba kale kutentha. Tinanyamula madzi, mbatata yophika ndi thobwa. M'njira tinkapeza amayi atagwada pamalo opempherera ali ndi makorona m'manja, ndipo ana anaphunzira kudutsa mwakachetechete. Tinakumananso ndi anthu otsika ndi mitolo ya nkhuni, ndipo achemwali anandionetsa mbali zimene pamene iwo ankafika kuno zinali nkhalango yowirira, lero kuli zitsa. Mzime anayenda theka la njira, theka linalo anakwera pamsana panga, ndipo panali malo ena otsetsereka pamene ndinaopa ndithu kuti titerereka tonse awiri.

Pamwamba mzinda wonse umaoneka bwino lomwe: phiri la Ndirande ndi nyumba zake zothithikana, Mpingwe cha ku Limbe, chigwa cha ku Chileka, ndi Soche chakummwera. Pa Soche pakuonekabe zipsera pamene nthaka ndi miyala zinakokoloka nthawi ya namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, n'kukwirira nyumba ndi anthu ku Chilobwe ndi madera oyandikana nawo. Achemwali anafotokoza mmene sukulu zinatsekedwera masabata angapo, makalasi atasanduka malo ogona anthu amene nyumba zawo zinapita. Mnyamata wanga anafunsa chifukwa chimene anthu amamangira m'phiri chonsecho kuli koopsa, ndipo azakhali ake anamuyankha kuti afunse adadi ake mtengo wa lendi kumalo athyathyathya.

Potsika, achemwali anandiuza kuti: "Achimwene, inu tsogolani ndi anyamatawa, ife titsalira pang'ono." Anatsala ndi mtsikana pansi pa mtengo nthawi yaitali ndithu. Zimene anakambirana sindinauzidwe ndipo sindinafunse, popeza pali malangizo amene mwana wamkazi amayenera kuwamva kwa azakhali ake, okhudza thupi lake, anzake ogona nawo, ngongole, ndi amuna amene amazungulira mipanda ya sukulu ndi timphatso. Atatipeza kumunsi, mwanayo anali atagwira dzanja la azakhali ake, maso ali ofiira pang'ono.

Lachisanu, 6 Sepitembala

Nkhani ya lero tinaikambirana mpaka usiku dzulo. Ine ndinkafuna kuti mtsikana akatenge yekha yunifolomu kwa telala, amayi ake ankakana, akuti Blantyre si Dedza. Alamu anga ndiwo anaweruza: ndi minibasi imodzi yokha, ndi masana, njira waiona kale, ndipo atenge kafoni kakang'ono ka azakhali ake. Tinamupatsa ndalama yotsala ya telala, ya minibasi kupita ndi kubwera, ndi K2,000 yapadera imene amayi ake anamumangira pansonga ya chitenje. Anabwereza masiteji onse pamaso pathu, anavala chikwama chake kutsogolo, nanyamuka nthawi ya 9 koloko.

Ndinakhala pakhonde ndi nyuzipepala imene sindinawerenge ngakhale mzere umodzi. Minibasi iliyonse yolira kumsewu ndinkaimvetsera, ndipo ndinadzigwira kwambiri kuti ndisaimbe foni, chifukwa ndinali nditalonjeza kuti woyamba kuimba akhale iye. Mayi a ana anachapa zovala zimene zinali zochapa kale. Itakwana 11 koloko foni inalira. Telala anali asanamalize siketi imodzi, ndipo anamuuza kuti apite abwerenso mawa. Mwanayo anamuyankha kuti mawa tikunyamuka, choncho akhala pabenchi pomwepo mpaka siketiyo ithe, ndipo ndalama yotsala apereka akaiyesa. Anaimba kungofuna kutidziwitsa kuti achedwa.

Anafika cha m'ma 2 koloko ali ndi masiketi awiri ndi mabulauzi awiri m'jumbo. Anafotokoza kuti telalayo, ataona kuti mwanayu sachoka, anaika pambali ntchito ina n'kumaliza yake, ndipo mkazi wa telalayo, amene amagulitsa zitumbuwa pakhonde lomwelo, anamupatsa ziwiri zaulere. Atayesa siketi anapeza kuti m'chiuno ndi yothina, ndipo anapempha kuti aimasule pang'ono poganizira kuti iyenera kumufikitsa ku Fomu 2. Pobwerera kondakitala anachita ngati waiwala chenje chake cha K300, koma iye anamukumbutsa pa siteji iliyonse mpaka anthu a m'minibasimo anayamba kumuthandiza kulankhula. K2,000 ija inabwera ili chimangire. Amayi ake anamuveka yunifolomuyo kuti azakhali aone, ndipo asuweni anamuombera m'manja ngati mkwatibwi.

Madzulo tinakhala pansi ndi kope lija. Zonse zimene tagula, kuphatikizapo maulendo a minibasi, tchipisi ndi ayisikilimu, zinalembedwa bwinobwino, ndipo zinagwirizana ndi zimene zatsala m'thumba langa kupatula K700 imene tonse sitinakumbuke kumene inapita.

Loweruka, 7 Sepitembala, pa Wenela

Tinafika padepoti m'mawa kwambiri poganiza kuti tipeza basi yoyamba, koma tinaipeza itadzaza, ndipo yachiwiri inali ndi anthu owerengeka, ena mwa iwo ongokhalamo kuti ioneke ngati yatsala pang'ono kunyamuka. Podikira ndinafotokozera ana kuti malo ano ndi pamene kale ankalembera amuna opita kumigodi ya ku Joni, kuti agogo awo aakulu anadzera pomwepa ndipo anabwerako ndi njinga ndi chifuwa chimene sichinathe, ndiponso kuti Kamuzu anaimitsa ulendowo mu 1974 ndege itagwa ku Francistown n'kupha Amalawi ambiri obwerera kwawo. Mnyamata anamvetsera, mzime anali kalikiliki kuyang'ana ogulitsa mazira owiritsa.

Achemwali anatiperekeza ndi mpunga wa Kilombero, botolo la chiponde ndi shuga wa mwana wa sukulu, ndipo anamupatsa nambala yawo ya foni yolembedwa papepala kuti aisunge m'Baibulo. Sutikesi yatsopano inalowa pansi pa basi, ndowa yokhala ndi mbale ndi makope tinaiika pakati pa miyendo. Basi inanyamuka itadutsa 11 koloko. Tisanafike pa Lunzu uthenga unalowa pa foni wonena kuti mzime wasiya patapata wake kuseri kwa chitseko, ndipo adzamutumiza ndi munthu wina wa ku Chilomoni amene amapita kukapikula mbatatesi pa Lizulu Lachitatu lililonse. Ku Dedza kwatsala matiresi, khasu, chikwakwa, kumeta tsitsi, ndi kukalipira fizi kubanki Lolemba m'mawa.